Ola loyamba ndi la eni tauni: kukonzekera ngozi za mankhwala oopsa

Madzulo a pa 17 Epulo 2013, cha m'ma hafu pasiti seveni, anthu a m'tauni ya West ku Texas, m'dziko la America, anaona utsi uli tolotolo pa depoti ya feteleza kumapeto kwa tauni yawo. West ndi malo aang'ono, a anthu pafupifupi 2,800, ndipo ozimitsa moto ake anali ongodzipereka, anthu a ntchito zawozawo omwe uthenga ukafika amasiya mbale pathebulo n'kuthamangira ku galimoto yozimitsira moto. Tsikulo anathamangadi. Anafika, natambasula mapaipi, n'kuyamba kuthira madzi monga amachitira pa moto wina uliwonse. Patangotha mphindi pafupifupi 20 chilandirireni uthengawo, nyumba yonse inaphulika. Anthu 15 anafa, ndipo 12 mwa iwo anali obwera kudzathandiza. Oposa 260 anavulala. Nyumba yosungirako okalamba, mdadada wa nyumba zalendi ndi masukulu apafupi zinaphwasuka.

M'nyumbamo munali feteleza wa ammonium nitrate wokwana matani pakati pa 40 ndi 60, wounjikidwa m'zipinda za matabwa, m'nyumba yomwe nayonso inali ya matabwa, yopanda mipope yowaza madzi yokha moto ukabuka. Matani pafupifupi 30 ndi omwe anaphulika. Feteleza ameneyu akakhala pouma ndi pozizira savuta, n'chifukwa chake amagulitsidwa poyera. Koma akatenthedwa kwambiri pamalo otsekeka, n'kudetsedwa ndi mwaye kapena zinthu zina zoyaka, amasanduka bomba. Akatswiri anazidziwa kalekale zimenezi. Mu Epulo 1947 sitima ya pamadzi yodzaza feteleza yemweyu inaphulika pa doko la Texas City n'kupha anthu oposa 500, m'chigawo chomwechi cha Texas. Koma zimene zinali m'mabuku a akatswiri sizinafike m'mitu ya amuna omwe anagwira paipi usiku uja. Iwo nkhawa yawo inali pa mathanki a ammonia, mpweya wotsamwitsa, omwe anali panja. Bungwe la Chemical Safety Board, lofufuza ngozi za m'mafakitale ku America, linatulutsa lipoti lake mu Januwale 2016, ndipo linapeza kuti ozimitsa motowo analibe dongosolo lokonzeratu la malowo, komanso sanaphunzitsidwe mokwanira za kuopsa kwa fetelezayo akagwira moto.

Pagona nkhani yonse ndi pamenepa. Mzinda waukulu uli ndi gulu lapadera la akatswiri a mankhwala oopsa, lokhala ndi zovala zotchinga thupi lonse ndi makina onunkhiza mpweya. Tauni yaing'ono ilibe. Gulu loterolo lingafike patatha ola limodzi kapena awiri, pomwe zosankha zikuluzikulu zimachitika m'mphindi zoyambirira: kuyandikira kapena kubwerera m'mbuyo, kudzutsa anthu kuti athawe kapena kuwauza adzitsekere, kutseka msewu uti. Amasankha zimenezi ndi wapolisi amene ali pa ntchito usikuwo, mkulu wa ozimitsa moto amene masana ndi makaniki, ndi namwino amene ali yekha m'wodi. Ku America ozimitsa moto pafupifupi awiri mwa atatu alionse ndi ongodzipereka, ndipo ambiri a iwo ali m'matauni ngati West.

Lamulo lobadwa pa maliro a ku Bhopal

Usiku wa pa 2 Disembala 1984 kuchera pa 3, mpweya wa methyl isocyanate wokwana matani pafupifupi 40 unatuluka pa fakitale ya mankhwala ophera tizilombo ya Union Carbide mumzinda wa Bhopal ku India. Anthu zikwizikwi anafa m'masiku oyambirira, ndipo oposa 500,000 anaupuma mpweyawo. Okhala m'mphepete mwa mpanda wa fakitaleyo sankadziwa zimene zinkasungidwa mkatimo. Madokotala analandira odwala osaona, otsamwa, koma osadziwa kuti akulimbana ndi poizoni wanji. Mu Ogasiti 1985 fakitale ina ya kampani yomweyi, ku Institute m'chigawo cha West Virginia, inatulutsanso mpweya woipa ndipo anthu oposa 100 anakathera ku chipatala. Apa anthu a ku America anaona kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu Okutobala 1986 pulezidenti Ronald Reagan anasainira lamulo lotchedwa Emergency Planning and Community Right-to-Know Act. Mfundo yake ndi yosavuta kumva: amene wagona pafupi ndi chinthu choopsa ali ndi ufulu wodziwa kuti chilipo. Lamuloli linati chigawo chilichonse chikhale ndi bungwe loyang'anira, ndipo pansi pake pakhale makomiti a m'madera, otchedwa Local Emergency Planning Committee, kapena mwachidule LEPC. Makomitiwa alipo oposa 3,000. M'menemo mumayenera kukhala osankhidwa pa mavoti, apolisi, ozimitsa moto, azaumoyo, a chipatala, a zamtengatenga, atolankhani, magulu a anthu wamba ndi eni mafakitale. Kuika mtolankhani ndi mwini fakitale pa tebulo limodzi kunali dala, kuti zokambidwazo zisathere m'chipinda momwemo.

Kampani yosunga mankhwala oopsa okwana mapaundi 10,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 4,500, imayenera kupereka lipoti chaka chilichonse pofika pa 1 Malichi, kunena mtundu wa mankhwalawo, kuchuluka kwake ndi pamene ali. Lipotilo limapita ku bungwe la chigawo, ku komiti ndi kwa ozimitsa moto. Pa mankhwala oopsa zedi, omwe ali pa mndandanda wapadera wa mitundu yoposa 300, muyeso wake ndi wotsika kwambiri: mapaundi 500, ena osafika n'komwe pamenepo. Komiti imatenga zonsezi n'kulemba dongosolo la dera lake, ndipo imayenera kuliunikanso kamodzi pa chaka. Maiko a ku Ulaya ali ndi malamulo awo, otchedwa Seveso, potengera tauni ya ku Italy komwe fakitale inamwaza poizoni wa dioxin mu 1976. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe nalo linakhazikitsa ndondomeko ya APELL mu 1988, yolimbikitsa mafakitale, maboma a m'madera ndi anthu okhala pafupi kuti azikonzekera limodzi.

Nanga ku West zinalephereka pati, lamulo lili chikhalire zaka 27? Ammonium nitrate sanali pa mndandanda wa mankhwala oopsa zedi uja, choncho sanalowe m'dongosolo la dera monga chinthu chofunika kuchikonzekera mwapadera. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Lipoti litha kulembedwa, n'kutumizidwa pa nthawi yake, n'kuikidwa m'kabati, osapezeka munthu wolitsegula n'kufunsa kuti, "Kodi izi zikapsa zimatani?" Komanso lamuloli linapereka ntchito popanda thumba la ndalama lokwanira, moti makomiti ambiri a m'madera akumidzi alipo dzina lokha. Ufulu wodziwa uja nawonso uli ndi otsutsa ake, omwe amati kuulula pamene pali mankhwala ophulika n'kulozera zigawenga njira. Mu 2014, patangotha chaka chichitikireni ngozi ya ku West, ofesi ya loya wamkulu wa boma la Texas inagamula kuti boma likhoza kukana kupereka malipotiwa kwa anthu wamba. Mantha amenewo si opanda pake, koma ine ndimaona kuti wovulazidwa ndi chinsinsicho kawirikawiri amakhala mayi wogona mamita ochepa kuchokera pa mpanda, osati chigawenga.

Palinso china chimene komiti yokha singachikonze. Depoti ya ku West inamangidwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 pakati pa minda, kutali ndi nyumba. Tauni ndi imene inaiyandikira pang'onopang'ono, ploti ndi ploti, mpaka sukulu ndi nyumba ya okalamba zinafika pakhomo pake. Amene amagawa malo ndi kuvomereza mapulani a nyumba amakonza kapena kuononga dongosolo la ngozi zaka makumi ambiri ngoziyo isanabwere, ngakhale iwowo sadziona choncho.

Zongodutsa

Za m'depoti n'zosavuta kuziwerenga chifukwa sizisuntha. Zovuta ndi zongodutsa pa njanji ndi pamsewu, zimene palibe amene anazilembera lipoti ku tauniyo.

Pa 6 Januwale 2005, isanakwane 3 koloko m'bandakucha, sitima ya kampani ya njanji ya Norfolk Southern inalowa njanji yolakwika ku Graniteville, ku South Carolina m'dziko la America, chifukwa chosinthira njanji chinasiyidwa chitaloza kumbali. Inaomba sitima ina yoimikidwa, ndipo thanki ya klorini inabooka. Anthu 9 anafa, ambiri a iwo ogwira ntchito ya usiku pa fakitale ya nsalu yapafupi, ndipo pafupifupi 5,400 anasamutsidwa. Siteshoni ya ozimitsa moto inali pafupi kwambiri ndi njanjiyo moti nayonso inakutidwa ndi mtambo wa poizoniwo. Ku Lac-Mégantic, tauni ya anthu pafupifupi 6,000 ku Quebec m'dziko la Canada, sitima ya mathanki 72 a mafuta osayenga inasiyidwa usiku pachitunda popanda munthu. Pa 6 Julayi 2013 inatsetsereka yokha mtunda wa makilomita pafupifupi 11 n'kugubuduzika pakati penipeni pa tauni. Anthu 47 anafa. Madzi okha sazimitsa moto wa mafuta ochuluka chotero, pamafunika thovu lapadera, ndipo thovulo linachita kuchokera ku fakitale yoyenga mafuta kufupi ndi Quebec City. Ozimitsa moto ena anaoloka malire kuchokera ku Maine ku America. Mutu umodzi susenza denga, koma mgwirizano wothandizana wotere umasainidwa kukadali bata, kuti usikuwo pasakhale kufunsana kuti alipire dizilo ndani komanso kuti ma wailesi a magulu awiriwa amvana bwanji.

Chida choyamba cha wofika pa ngozi yotere si paipi ayi. Ndi maso, ndipo ngati alipo, magalasi oonera patali. Galimoto kapena bogi yonyamula katundu woopsa imakhala ndi chikwangwani cha ngodya zinayi choimirira pa nsonga, chokhala ndi mtundu, chizindikiro ndi nambala ya gulu. Magulu alipo 9: loyamba ndi la zophulika, lachiwiri la mipweya, lachitatu la zamadzimadzi zoyaka, mpaka lachisanu ndi chitatu la zodya khungu ndi chitsulo, ndi lomaliza la zosiyanasiyana. Pamakhalanso nambala ya manambala anayi, yofanana dziko lonse lapansi. Petulo ndi 1203, dizilo ndi 1202, klorini ndi 1017, ammonia ndi 1005, gasi wophikira ndi 1075. M'maiko otsata dongosolo la ku Ulaya mumaoneka kachitsulo kofiirira ngati lalanje, kogawidwa pakati: pamwamba nambala yonena mtundu wa kuopsa, monga 33 pa zoyaka msanga, pansi nambala ya mankhwalawo. Nambala yapamwambayo ikayamba ndi chilembo X, ndiye kuti mankhwalawo amalusa akakhudzana ndi madzi. Munthu wozolowera kuti moto mankhwala ake ndi madzi angadziphe yekha pamenepo.

Nambala ija ikawerengedwa, amatsegula kabuku kotchedwa Emergency Response Guidebook, komwe maboma a America, Canada ndi Mexico amatulutsa pa zaka zinayi zilizonse, ndipo masiku ano kamapezekanso pa foni. Masamba achikasu amatsata manambala, abuluu amatsata maina, alalanje amanena chochita, obiriwira amanena mtunda wotalikira pa mipweya ya poizoni. Thanki ya petulo ikamayaka, kabukuko kamati anthu atalikire mamita 800 mbali zonse. Ikakhala ya gasi, mamita 1,600. Mtunda umenewu umaoneka wokokomeza mpaka utamva zimene thanki ya gasi imachita. Moto ukamaiotcha kunja, zam'kati zimawira, chitsulo chimafewa, kenako thanki imang'ambika n'kuponya zidutswa kutali. Ku Kingman, ku Arizona, mu Julayi 1973, thanki ya gasi wa propane inachita zimenezi n'kupha ozimitsa moto 11.

Choncho phunziro lovuta kwambiri kwa anthu olimba mtima ndi lakuti nthawi zina ntchito yawo ndi kubwerera m'mbuyo, kusiya nyumba ipse, n'kuthera mphamvu zonse pochotsa anthu. Wozimitsa moto wa m'tauni yaing'ono amamudziwa mwini nyumbayo, mwina anaphunzira naye kalasi imodzi. Kuimirira patali n'kumaonerera kumamuwawa ngati manyazi. Mtima wotere susintha pa malo a ngozi. Umasintha ngati miyezi ingapo m'mbuyomo gulu lonse linayendera depotiyo masana, n'kuona zipinda, n'kugwirizana kuti nyumba iyi ikadzagwira moto sitidzalowamo.

Chingwe chotchinga anthu chili ndi ntchito inanso. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya wamba, imakwawa pansi n'kukapeza moto kutali ndi pamene mafuta atayikira. Ku Sange, kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, thanki ya mafuta inagubuduzika mu Julayi 2010, anthu anathamangira kukatunga, ndipo oposa 200 anapsa. Ku Morogoro ku Tanzania zinachitikanso mu Ogasiti 2019, pomwe oposa 60 anafa tsiku lomwelo. Pa ngozi zoterezi pamakhala mphindi zingapo pakati pa kugwa kwa galimoto ndi moto, ndipo apolisi awiri kapena atatu sangabweze khamu limene laona mafuta aulere. Chimabweza khamu ndi zimene linamva kale, kusukulu, pa wailesi, kwa atsogoleri omwe limawakhulupirira.

Kuthawa kapena kudzitsekera

Maganizo a munthu aliyense akamva fungo loipa ndi kuthawa. Koma mtambo wa poizoni ukakhala wongodutsa, wothawa ndi amene amakumana nawo panjira, m'galimoto yoima pa mzere. Nthawi zambiri chopulumutsa ndi kulowa m'nyumba, kutseka zitseko ndi mawindo, kuzimitsa makina onse okoka mpweya wakunja, n'kusonkhana m'chipinda cham'kati chokhala ndi mawindo ochepa. Pansi pa chitseko amatsekapo ndi thaulo lonyowa, m'ming'alu amamatamo tepi, wailesi kapena foni ili pafupi. Nyumba si botolo, mpweya umalowabe pang'onopang'ono, choncho njirayi ndi ya maola ochepa. Mtambo ukadutsa amatsegula zonse n'kutuluka, chifukwa pamenepo mkati ndi momwe mwatsala poizoni. Pamene pali chiopsezo cha kuphulika, kapena kutayikako kutenga nthawi yaitali, kusamuka ndiye koyenera.

Wothawa ayenera kudziwa kolowera. Klorini ndi wolemera kuwirikiza kawiri ndi theka kuposa mpweya umene timapuma, choncho amatsikira m'zigwa, m'ngalande ndi m'zipinda zapansi. Amathawira kumtunda, modula mphepo, osati kuthamanga mphepo ili kumsana. Usiku wa bata ndi woipa kuposa masana a mphepo, chifukwa mtambo sumwazika, umangoyenda pansi ngati nkhungu. N'chifukwa chake masamba obiriwira aja ali ndi mitunda iwiri, wa masana ndi wa usiku.

Taonani nthawi za ngozi tatchulazi: Bhopal pakati pa usiku, Graniteville m'bandakucha, Lac-Mégantic cha m'ma 1 koloko usiku. Ku Minot, ku North Dakota, sitima yonyamula ammonia inagwa usiku wa pa 18 Januwale 2002, ndipo apolisi anavutika kuti uthenga wochenjeza umveke pa wailesi ya m'deralo. Dongosolo lolembedwa ndi anthu amene akuganiza za masana a Lachiwiri limaiwala kuti usiku maofesi ndi otseka ndipo mafoni ambiri ali chete. Sayirini imadzutsa anthu koma sinena chochita, ndipo ena ikalira amatuluka panja kuti akaone. Mauthenga a pafoni nawo, pali anthu ena amene sawalandira. Pamatsalabe ogontha, okalamba ogona okha, odwala osayenda, ndi olankhula chinenero china. Apa tauni yaing'ono imapambana mzinda, chifukwa anthu amadziwana. Koma kudziwanako kumafunika kukhale pa pepala, nyumba ndi nyumba, pamodzi ndi dzina la wokagogoda.

Chipatala nacho chimadzidzimuka mwa njira yake. Ovulala ambiri sadikira ambulansi, amabwera okha kapena kunyamulidwa ndi anzawo, zovala zili ndi mankhwala, n'kulowa mpaka m'kati. Mu 1995, zigawenga zitamwaza mpweya wa poizoni wa sarin m'sitima za pansi pa nthaka ku Tokyo, ogwira ntchito m'zipatala ena anadwala chifukwa cha mpweya wochokera pa odwala awo. Chofunika n'chosavuta: malo panja pa khomo, madzi ambiri, sopo, zotchinga kuti munthu avule mwaulemu, ndi matumba oikamo zovala. Kuvula kokha kumachotsa gawo lalikulu la poizoni.

Zonsezi zimayesedwa ndi kuyeserera, ndipo kuyeserera kothandiza kwambiri n'kotchipa. Anthu khumi ndi awiri azungulira tebulo, mapu ali pakati, wina n'kunena kuti ndi 2 koloko usiku, lole yagwa pa mlatho, chikwangwani chikuonetsa 1017, mphepo ikulowera kusukulu yogonera komweko. Ndiye mafunso amayamba kutuluka. Makiyi a holo yofikirako anthu amasunga ndani? Oyendetsa mabasi a sukulu adzutsidwa ndi yani? Msewu wosamukira uja sudutsa pa mlatho womwewo? Nambala ya mkulu wa fakitale yolembedwa m'dongosolo, si ya uja anapuma ntchito chaka chatha? Madzi othira pa ngoziyo atsikira kuti, si mumtsinje umene tauni imamwa? Pamapeto pake funso lalikulu limakhala lakuti wolamula ndani. Ku America amatsata ndondomeko ya Incident Command System, yomwe inayamba ku California m'zaka za m'ma 1970, moto wa m'nkhalango utaonetsa kuti magulu ambiri opanda mutu umodzi amangopingana. Wolamula amakhala mmodzi, kapena kagulu kolamula ndi mawu amodzi, ndipo aliyense amadziwa amene amamuyankha.

Wolamulayo angakhale munthu wa m'tauni momwemo, ngakhale akatswiri atadzaza. Pa 3 Febuluwale 2023 mabogi 38 a sitima ya Norfolk Southern anagwa ku East Palestine, tauni ya anthu pafupifupi 4,700 ku Ohio, chifukwa cha beringi ya gudumu imene inatentha. Mabogi 11 mwa amenewo anali ndi mankhwala oopsa. Ozimitsa moto oyamba kufika, ambiri ongodzipereka, anakhala pafupifupi ola lathunthu asanalandire mndandanda wa katundu wa m'sitimayo. Patatha masiku atatu, kampaniyo ndi makontilakitala ake anati mathanki asanu a vinyl chloride, mankhwala opangira pulasitiki, angaphulike, ndipo njira yokhayo ndi kuwaboola n'kuotcha mankhwalawo. Mkulu wa ozimitsa moto wa tauniyo anafotokoza pambuyo pake kuti anapatsidwa mphindi 13 zokha kuti avomereze. Anavomera, ndipo pa 6 Febuluwale chiutsi chakuda bii chinakwera kumwamba, n'kuoneka kutali kwambiri. Mu Juni 2024 bungwe la National Transportation Safety Board, lofufuza ngozi za mtengatenga ku America, linanena kuti kuotchako sikunali kofunika. Akatswiri a kampani yopanga mankhwalawo anali pomwepo, ndipo ankaona kuti mathankiwo sanali pafupi kuphulika, koma maganizo awo sanafike kwa mkulu uja.